Pulofesa ndi Khoswe Wokhuta

A pulofesa akuluakulu a ku labotale ina ya mumzinda wa Pune, ku India, samva zonena anthu. Mutu wonse ndi imvi, koma makoswe amacheza nawo ngati adzukulu awo. Mawu awo ndi amodzimodzi: “Kale khoswe tinkam'manga ndi mawaya ngati mbuzi. Lero ndi mfulu, m'siyeni akondwe.” Ufulu akunenawo ndi kachipangizo kakang'ono kamene amaika m'mutu mwa khoswe, kuti kazitumiza ku kompyuta zochitika mu ubongo popanda waya.

Amene amaona nazo zakuda ndi wophunzira wawo, Sharvari. Kafukufuku wake amafuna khoswe wanjala pang'ono, woti azithamanga m'tinjira tokhotakhota kusaka chakudya.

Tsiku limene kunabwera odzamuyesa mayeso, Sharvari anaika khoswe wake poyambira tinjirato. Khoswe anayasamula, n'kudzipinda, n'kugona. Pandevu pake panali nyenyeswa.

“Aphunzitsi, mwam'patsanso chiyani?” anafunsa monong'ona, misozi italengeza.

“Kaladu kamodzi kokha, kakeke kotsekemera kotsala ku ukwati wa mdzukulu wanga. Iwe ungagwire ntchito ndi njala?”

“Inetu sindinadye kuyambira dzulo!”

Mkuluyo sanamve n'komwe. Anali atakokera kale alendowo ku kompyuta. “Taonani mmene ubongo ukuvinira! Ameneyu akulota tinjira tomweti!”

Alendo anachita chidwi kwambiri. Anauza Sharvari kuti digiri iyambe yadikira, iwo adzabweranso chaka chamawa iye akadzafufuza bwinobwino za malotowo.

Potuluka, a pulofesa anamusisita paphewa.

“Usavutike n'kundithokoza, mwanangu.”