Pempho la aTembo pa mwala wa atate anu

Ana anga ndi azilamu, mwaswera bwanji.

Lero kwabwera aTembo, aja anali tcheyamani wa chipani kuno ku Kasanda. Akupempha kuti adzalankhule tsiku lovundukula mwala wa pamanda a atate anu. Akuluakulu mukukumbuka kuti ndi omwe anandithamangitsa pamsika chifukwa ndinalibe khadi la chipani.

Kenaka andifunsa ngati ndikukumbuka sewero lija la pa TV. Masiku amenewo TV inali kwathu kokha, ndipo mzere wonse wa nyumba unkadzaonera. M'sewerolo munali munthu wina wodzikuza amene mkazi wake ankamuuza kuti, "Iwe ndiwe njinga yopanda mabuleki. Anthu akamapatuka, umayesa ndi ulemu." Wosewerayo ankayendadi choncho, ngati akutsika chitunda. Pofuna kupereka moni ankapitirira munthuyo, nkukaima pakhoma. Anali aluso anthu aja. Sanatchule dzina la munthu, koma tonse tinkadziwa.

ATembo ankakhala kutsogolo, nkumaseka kuposa aliyense. Ife tinkati sakumva.

Lero akuti, "Mlamu, ndinkamva. Amuna anu ankakweza mawu a TV pamalo omwewo, nkundipatsa mpando wabwino. Palibe wina anandidzudzula mwaulemu chotero."

Ndaseka koyamba chichokereni atate anu, mpaka misozi.

Ndawauza kuti ndifunse kaye eni ake. Ine mtima wafewa, koma atate ndi anu. Tiwalole?