Kandalama ka pa Mchombo

Mwana wanga wachiwiri anabadwa ndi mchombo wotuluka ngati chala. Mankhwala ake tonse tinkawadziwa: umaika ndalama yachitsulo pamchombopo n'kumanga ndi kansalu. Koma zaka zimenezo kuchigwa cha Honde kumene tinkakhala, ndalama yachitsulo ukanaipeza kuti? Ife othyola tiyi tinkalandira mapepala okhaokha, oti pofika nawo kumsika wa ku Hauna asanduka masamba osagula kanthu.

Ndinakumbukira kandalama kasiliva ka malemu bambo anga, amene anali khukhi wa bwana wa esiteti. Powapatsa, bwanayo anati n'ka Aroma akale: mbali ina mutu wa mfumu, mbali inayo mayi wonyamula ngala za tirigu, mulungu wawo wa zokolola. Za milunguzo ine sindinalabadire. Ndinangoona kuti n'kosalala, sikangamupweteke mwana, n'kukamanga pamchombo pake.

Loweruka lina tili kumapemphero athu a Apositoli kuphiri, ndikusintha thewera, mayi wamkulu wa mpingo anaona kansaluko. Mayi ameneyo ngakhale nsabwe sinkamudutsa. Anamasula, n'kukweza kandalamako m'mwamba.

"Chii ichi, amake mwana? Fano pamimba pa khanda?"

Ndinafotokoza zonse, ndi za mulunguyo zomwe, poti pakamwa panga sipasunga kanthu. Anthu anati n'chithumwa. Wopezeka ndi chithumwa ankamuvula gemenzi, mkanjo woyera wopempherera, n'kumuchotsa mumpingo, pamene chaka chimenecho kunali njala, ndipo kaufa kamene ana anga ankadya tinkagawana kumpingo komweko. Ndinachita mantha, ndipo ndinapsa mtima.

Mlaliki wathu, nkhalamba yobadwira ku Mulanje, anati, "Kaponyeni pamoto. Ngati kali ndi mzimu kalira, kapena kadumpha."

Ndinakaponya ndekha. Tinaima mozungulira, dzuwa likuswa mtengo. Chikuni china chinathetheka, ine n'kubwerera m'mbuyo. Koma kandalamako kanangokhala phee pamakala, kakuda pang'onopang'ono.

"Mulibe kanthu umu," anatero mlalikiyo. "Gemenzi yanu musavule, mayi."

Ndinakhala pansi n'kulira, kenaka n'kuyamba kuseka, mwana akundiyang'ana modabwa.

Kunyumba ndinakakwecha ndi phulusa ndi ndimu, mayi wa Aroma uja n'kuonekanso, tirigu wake ali m'manja. Mchombo unalowa, ngakhale anesi anati ukanalowabe wokha.

Mvula itayamba, mayi wamkulu uja anafika pakhomo panga, atabereka mdzukulu wake wakhanda, maso ali pansi.

"Amake mwana," anatero chapansipansi, "kandalama kaja mukadali nako?"