Chitseko cha Kuchipinda kwa Amayi

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene mphepo inakupiza chitenje chotchinga kuchipinda kwa Amayi, iwo akuvala, alendo ali pabalaza. Alendowo anazolika, ine manyazi anandigwira osadziwa koyang'ana. Nyumba yathu ku Ntcheu inali ndi chitseko chimodzi chokha, cha panja. Madzulo ake ndinawauza Amayi kuti ndikukasaka maganyu, ndipo ndidzawaikira chitseko ndi manja angawa.

"Chitseko m'kati mwa nyumba? Ndikubisa chiyani ine?" anatero akuseka. "Pita, koma usakakhalitse."

Ndinakhalitsa. Ndinapeza kachipinda kuseri kwa nyumba ya eni ku Mamelodi, ntchito nkuipeza ku Pretoria North kudzera mwa Che Yusufu a ku Mangochi, opentapenta nyumba za mabwana. Tsiku loyamba ndinazizwa. Nyumba imodzi zitseko mbwee: kubafa, kukhitchini, ngakhale kokolekera zovala! Ndinapaka chimodzi chili chiimire, penti nkumayenderera ngati mamina a mwana. Che Yusufu anagwira kumutu.

"Eish, achimwene, mukupaka laimu pa chimbudzi kodi? Chizuleni chigone kaye!"

Anandiphunzitsa kumasula mahinjesi nkuchigoneka chitseko pa mabenchi, kuchikwecha ndi sandipepa, kupukuta fumbi ndi kansalu konyowa, kenako kupaka penti yoyamba, ya andakoti. Ikauma, kukwechanso. Timayamba ndi burashi m'makona mwa mapanelo, rola yaing'ono pambuyo, penti yopyapyala, osathamanga. Pomaliza iwo ankatsinzina nkuyendetsa chikhatho pachitsekopo. Akangomva kamzere, basi, yambiraninso. Mpaka lero ndikalowa m'nyumba ya munthu, dzanja langa limayamba kupereka moni kwa chitseko, mwini nyumba pambuyo.

Ndalama ndinkatumiza ndikapeza, miyezi ina ayi. Kusungulumwa ndiye kunalipo. Tsiku lonse ndinkasalaza zitseko za anthu, pobwerera nkudzitsekera ndi langa la malata, wondifunsa ngati ndadya palibe.

Bwana wina atazula zitseko zake zakale kuti azitaye, ndinapempha chimodzi. Chinali cha thabwa lenileni, cholemera, osati zamphako zamasiku anozi. Lamulungu lililonse ndinkachikwecha ndi kuchipaka, mpaka chinayera mbee. Che Yusufu anatsinzina, nayendetsa chikhatho, osapeza kamzere. Ndinachikulunga m'bulangete nkuchipereka kwa matransipota a ku Marabastad, otenga katundu wopita kumudzi. Mahinjesi atsopano ndinasunga m'chikwama, poti wodzachiika ndinali ine.

Chitafika, Amayi anandiimbira pa foni ya Achemwali anga a Esinati. "Komatu chikuwala! Nzanga aliyense wabwera kudzachisisita. Ubwera liti udzachiike?" Ndinati Disembala. Disembala atakwana ntchito inachuluka, ndinati Pasaka. Ndinawauza Achemwali kuti apeze kalipentala achiike, koma Amayi anakana kwamtuwagalu. Chinatsamira khoma la kuchipinda kwawo, m'bulangete lake lomwe lija.

Kenako Achemwali anaimba. "Amayi atsalira pang'ono m'thupi. Nyamukani lero."

Ndinakulira kwathu, ndikudziwa kuti munthu wakutali sauzidwa maliro pa foni. Koma Joni inali itandigonthetsa makutu. Ndinamva matenda basi. Ndinagula shuga ndi juzi la Amayi, ndinalongedza mahinjesi ndi sikuludiraiva, m'basi monse ndikuganiza kuti akachira akapeza chitseko chili m'malo.

Nditatsika kabaza ndinaona masamba atayalidwa pamsewu, amayi a Mvano akuimba. Abale anandithamangira. Anandigwira mikono nkundilowetsa pabalaza pomwe paja, ndipo pamphasa panali bokosi. M'mbali mwake munali matabwa wamba osapala bwino, koma chivindikiro chinali choyera mbee, cha mapanelo. Ndinachizindikira ndisanawazindikire anthu amene ankandilirira. M'mphepete munali mukuonekabe malo a mahinjesi akale, amene ndinawamata ndekha ku Mamelodi.

"Mwadula chitseko cha Amayi?" ndinakuwa, maliro ali pomwepo. "Ndani wadula? Bokosi likanandikanika ine?"

Nyimbo inaduka. Achemwali anandikokera kuchipinda, kuseri kwa chitenje chomwe chija, chitasuluka.

"Khalani pansi, achimwene. Simunaone kuti nyumba ya malemu agogo ilibe chitseko? Kuno matabwa akasowa timazula chitseko. Koma ichi si kusowa ayi. Ananena okha ali gone. Anati, 'Akachedwa mwana wanga, mudzandifunditse chimenechi. Anapaka yekha. Musadzandigulire za m'sitolo.'"

Ndinakhala pansi. Zaka zonsezo ndinkati ndikukonzera Amayi ulemu wa m'tauni, pomwe iwo ankasisita thabwalo poti ndi pokhapo pamene panali dzanja langa.

Ndinabwerera pabalaza nkugwada. Ndinatsinzina monga Che Yusufu, ndinayendetsa chikhatho kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Panalibe kamzere ngakhale kamodzi, koma pakati penti inali itathimbirira pang'ono, pamene Amayi ankagwirapo. Adzukulu atabwera kudzanyamula, ndinaimirira kuti ndiwapatse njira, mahinjesi nkulira m'chikwama changa.