Udzu pa manda a Mphatso

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene amayi anandisandutsa womasulira, ntchito yomwe sindinaifunsire n'komwe. Tinkakhala ku Rotherham, m'kanyumba kozizira kuseri kwa siteji ya basi. Abambo ankanyamula makatoni kumalo osungira katundu, amayi ankasamalira okalamba. Tisanabwere kuno tinkakhala ku Germany, m'kamudzi ka alimi komwe abambo ankaphunzira zoweta ng'ombe za mkaka. Ine ndinabadwira komweko n'kuchokako ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, choncho Chijeremani changa chinali cha kusukulu ya mkaka, chopemphera madzi ndi choneneza mnzanga akanditsina.

M'kamudzi kameneko tinasiyamo munthu. Mchimwene wanga Mphatso anamwalira ali ndi zaka ziwiri, ine ndisanabadwe, ndipo anaikidwa kumanda a m'mudzimo. Pamanda pake panali mtanda wathabwa basi. Kwathu chiliza sachimanga mothamanga, amayamba adikira kuti mitima ikhale pansi ndiponso kuti m'thumba mupezeke kanthu. Ndikafunsa kuti tidzamanga liti, amayi ankayankha mofatsa, "Manda sathawa, mwanawe."

Chaka chimenecho anaona kuti nthawi yakwana. Mawu olemba pachilizapo anasankha, vesi anasankha, chinatsala n'kungofunsa ku ofesi ya m'mudzimo kuti chilolezo chimatengedwa bwanji. Abambo ndiwo ankachidziwa bwino Chijeremani, koma maofesi akumeneko amatsegula nthawi yomwe iwo ali pantchito, komanso nkhani ya Mphatso ikangoyamba ankapeza chochita panja. Mtolo unagwera ine, pa sabata ya tchuthi, anzanga akuyendayenda m'mashopu a ku Sheffield.

Masiku amenewo foni yakunja tinkaimbira khadi yokanda, yogula pakashopu ka pakona. Amayi ankaikanda ndi kiyi wa pakhomo, n'kukhala pambali panga atavaliratu yunifomu yawo yobiriwira, ikununkhira sopo wa kuntchito.

Nambala yoyamba inali ya ofesi ya m'mudzi momwemo. Amayi ankaikumbukira bwino ofesiyo: kachipinda kamodzi pafupi ndi posungira galimoto yozimitsa moto, ndipo mayi yemwe ankagwiramo ntchito anabwera pamaliro a Mphatso atanyamula keke. Anayankha ndi munthu wometa tsitsi. Anati ofesiyo inatsekedwa kalekale, muno mwatsala malezala, n'kundipatsa nambala ina. Kumeneko anandiuza kuti ndaimba mochedwa, iwonso akulongedza, ndipo zomwe atsala nazo ndi misonkho ya agalu yokha. Nditamasulira zimenezi amayi anandiyang'ana ngati ndikuwanamiza.

"Agalu amakhoma msonkho?"

"Akutero, mayi."

"Nanga za anthu zili kuti?"

Zinali kutauni, ndipo kutauniko tinawapeza Lachisanu, titatopa ndi kanyimbo kodikirira ndiponso makhadi atatha angapo. Anayankha ndi bambo wa mawu achikulire. Nditangotchula dzina la kamudzi kathu, mawu awo anasangalala ngati ndawafunsa za mdzukulu wawo. Anati ndisanamve za manda ndiyenera kumvetsa chifukwa chake nkhaniyo inafika patebulo pawo.

Ndiye anayamba. Kalekale, anatero, mudziwo unali pansi pa mwini munda wamkulu. Kenako unadzakhala ndi khonsolo yakeyake, wapampando wake mlimi wa mbatata. Boma litaona kuti timidzi ting'onoting'ono tikudya ndalama, linauphatikiza ndi midzi yoyandikana nayo kuti igwiritse ntchito ofesi imodzi. Midziyo inakangana za komwe ofesiyo ikhale, wina unanyanyala n'kukalowa boma la tsidya la mtsinje. Yotsalayo inapirira zaka zingapo, mpaka ofesi yawo inathetsedwa ndipo tauni inameza zonse. Sukulu zinapita ku nthambi ina, misewu ku ina, manda anawaika pamodzi ndi mapaki. Mawu ambiri sindinkawamva, ndinkangoti eya, eya.

"Akuti chiyani?" amayi ananong'oneza.

"Akufotokoza mbiri ya maboma awo."

"Usawadule, ndi akuluakulu. Just listen."

Ndinamvera, pakuti ndinaleredwa choncho: mwana sadula mawu a wamkulu. M'foni momwemo mayi wa pa khadi, mawu ojambulidwa aja, ankandichenjeza m'Chingerezi kuti nthawi ikutha. Ndinkafuna kukuwa. Ndinkafuna kuwafunsa bambowo ngati mchimwene wanga anali nawo pa mikangano ya mlimi wa mbatata.

Atakhuta mbiri yawo m'pamene anafunsa dzina la mwana. Ndinamva akugogoda pakompyuta, kenako mawu awo anatsika. Anati kumeneko malo a manda amaperekedwa kwa zaka zowerengeka, ndipo zikatha abale amayenera kupempha kuti awonjezere. Za Mphatso zinatha. Anazika kachikwangwani pamandapo kopempha abale kuti abwere ku ofesi, kanakhalapo miyezi, palibe anabwera. Choncho anachotsa mtanda, anasalaza, anadzala udzu.

Ndinayang'ana amayi. Kusukulu ya mkaka sanatiphunzitse kuti zoterezi umazinena bwanji kwa mayi ako.

"Akuti manda kumeneko ndi a lendi, mayi. Akuti nthawi inatha. Anasalaza."

"A lendi? Ngati nyumba?"

Amayi anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri.

"Afunse ngati mwanayo akadali pansipo."

Ndisanamalize kulisanja funsolo m'mutu, mayi wa pa khadi anati ndalama zatha, foni n'kuduka. Ndinathamangira pakona kukagula khadi ina, koma pobwera ofesi inali itatseka, poti Lachisanu kumeneko amaweruka masana. Amayi anavala jekete. "Ndichedwa shifiti," anatero, n'kutuluka kukakwera basi, kukasambitsa amayi a anthu ena asakudziwa komwe kuli mwana wawo.

Loweruka ndi Lamlungu limenelo ndinali wokwiya ndi aliyense. Ndinakwiyira bambo wa mbiri uja, yemwe ankadziwa tsiku lomwe ofesi iliyonse inasamuka koma osadziwa kuti khadi imatha. Ndinakwiyira kachikwangwani kozikidwa pamanda, ngati kuti tikanakawerenga tili ku Rotherham. Mayi wa keke uja akanakhalapo, akanafunsa kwa mlimi yemwe tinkakhala kwake n'kutipeza, koma pophatikiza maofesi ananyamula mafayilo okha, anthu odziwa nkhope zathu anawasiya. Ndinakwiyira abambo, omwe atamva anangoti "Chabwino," n'kukatsuka galimoto yomwe inali yoyera kale. Amayi anapita kutchalitchi, koma nyimbo sanaimbe.

Lolemba anandidzutsa ndisanayambe kukonzekera sukulu, khadi yatsopano atakandiratu.

"Lero moni wautali ayi," anatero. "Yamba ndi mwana. Akayamba za maboma awo, uwadule. Ulemu tinapereka Lachisanu, unatidyera khadi."

Anayankha ndi bambo omwe aja, ndipo anayambadi, "Monga ndinafotokozera, ofesi itathetsedwa…" Ndinawadula.

"Bambo, mchimwene wanga ali pansipo kapena ayi?"

"Alipo. Sitifukula." Nanga chiliza? Ayi, anatero, mbali imeneyo tsopano ndi ya udzu, miyala saloleza.

Amayi atamva anangogwedeza mutu, n'kundiuza kuti ndifulumire, ndichedwa kusukulu.

Tinadzapitako patapita zaka. Panalibe chizindikiro chilichonse, koma amayi analunjika pafupi ndi mpopi wothirira maluwa, n'kugwada pa udzu wometedwa bwino. Maofesi anasamuka kangapo, koma mpopiwo unali pomwe anausiya.

Lero ndimagwira ntchito mu ofesi ku Leeds, ndipo nthambi yathu nayonso yasinthidwa dzina ndi kuphatikizidwa ndi zina. Munthu akaimba, lilime limayabwa kuti ndimufotokozere kuti kale nkhani yake inali kwa akuti, kenako inapita kwa akuti. Ndimadzigwira. Ndinadziwa ndili mwana kuti woimbayo sanabwerere mbiri yathu, pali china chomwe chamugwira pakhosi, ndipo ndimafunsa chimenecho poyamba. Ndinadziwanso kuti wamkulu amadulidwa mawu ngati akuyankhula ataponda pa mwana wako. Mkwiyo uja sunathe wonse, ndipo sindikufuna kuti uthe. Vesi lomwe amayi anasankha silinalembedwe pena paliponse, ndipo mawu aja akuti manda sathawa sindinawamvenso pakamwa pawo.