Tsitsi Langa, Nkhope ya Esinati

Ndikukumbukira chaka chimene saluni yoyamba inatsegulidwa pafupi ndi malire a Mwanza, pamene mathiraki amandanda podikira kuwolokera ku Zobue. Ndinali kamtsikana, ndipo sukulu ndinali nditayamba kale kujomba. Nyengo ya manachesi ikafika, ine ndi Esinati, mwana wa mayi anga aang'ono, tinkatsika kuchokera kwa Kanduku titasenza mabeseni, kukagulitsa kwa madalaivala. Woitanira malonda anali Esinati. Mawu ankathetheka m'kamwa mwake ngati chimanga chokazinga. Ine ndinkangogwira beseni, maso ali pa zala za kumapazi.

Eni saluniyo, a Nabanda, anaitanitsa mmisiri wojambula wochokera tsidya la Mozambiki. Mmisiriyu anthu ankangowatchula kuti a Pintoro. Anali bambo woonda, wa malaya odonthera penti ya mitundu yonse. Ndi iwo amene anajambula nsomba ya pakhoma la lesitilanti, imene inkamwetulira ngakhale inali kale m'mbale, komanso mitu ya anyamata pa shopu yometera. Munthu akajambulidwa ndi a Pintoro, Mwanza yense ankamudziwa.

Ine ndinalibe zambiri zonyadira, koma tsitsi ndinali nalo, lambiri, lakuda bii. Sabata imeneyo mayi anali atandipanikiza pakati pa mawondo awo n'kundiluka mizere yokhotakhota ngati ya m'munda wa paphiri, yonse yokakumana pamwamba pa mutu. Inali yothina moti ndikafuna kuseka, chipumi chinkawawa. Esinati anali atametedwa mpala chifukwa cha zipere, ndipo ankabisa mutu ndi duku.

Tikudutsa pa saluni, a Nabanda anandikodola. “Iwe wa manachesi, tabwera. A Pintoro, tsitsi lomwe ndikufuna pakhomapa ndi ili.”

Anandikhazika pa kireti ya zakumwa. Ndinali ndi mantha, koma pansi pake panali kachimwemwe kamene sindinakamvepo chibadwire. Ine, amene ngakhale aphunzitsi ankaiwala dzina langa, ndinali kupita pakhoma! A Pintoro anayamba ndi khala, kenako anaviika bulashi m'chitini cha penti yakuda. Fungo lake linasakanikirana ndi la dizilo ndi la makoko a manachesi. Ankandizungulira, n'kubwerera kukhoma, n'kubweranso kudzasuzumira. Ndikaba kuyang'ana, ndinkaona mizere ya mayi anga ikumera pakhoma loyera, uliwonse waukulu ngati mkono wanga.

Kenako anapukuta bulashi. “Tsopano nkhope. Dzutsa mutu, menina, mtsikana iwe, undiyang'ane.”

Kwathu anatilera kuti mwana wamkazi waulemu sayang'ana munthu wamkulu m'maso, makamaka bambo wachilendo. Ndinayesa. Maso anakwera mpaka pa batani la malaya awo, n'kutsetserekanso pansi. Apo n'kuti anthu atadzadza: osintha ndalama, anyamata a kabaza, madalaivala otopa ndi kudikira.

“Mujambuleni pamutu pomwepo, bwana,” anatero dalaivala wina. “Nkhope waisiya kunyumba ameneyo!”

Anthu anaseka chikhakhali. A Pintoro anandinyengerera, a Nabanda anandigwira chibwano, koma misozi inali italengeza kale. Ndiye ndinamva mawu a Esinati kumbuyo kwanga.

“Nkhope ndili nayo ine, a Pintoro. Yake ndi yanga n'chimodzimodzi, ndife pachibale.”

Linali bodza. Esinati ali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo, ine ndilibe. Koma penti inali kuuma, ndipo anandichotsa pa kireti paja monga mmene amachotsera mphika pamoto. Esinati anakhala, anatukula chibwano, n'kuwayang'ana a Pintoro ngati ndi mnzake wa phada. Ine anandipatsa beseni lake kuti ndimugwirire.

Pofika masana, pakhoma panali mtsikana wamkulu kuposa chitseko, akumwetulira ndi kampata ka m'mano, atavala tsitsi langa.

Kuyambira tsiku limenelo anasanduka Esinati wa pakhoma. Madalaivala ankaloza chithunzi, n'kuloza iye, n'kugula m'beseni lake. Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinkandiwawa chinali kumva azimayi akulowa mu saluni n'kumati, “Mundiluke ya Esinati.” Ya Esinati! Munthu woti akavula duku mutu unkanyezimira ngati chipanda. Mutu unawawa wanga, zala zinatopa za mayi anga, dzina linapita kwa iye. Nditadandaula, mayi anati, “Unachita bwino, mwana wolangika satong'olera akulu maso.” Kutamandidwa kumeneko sikunandikome. Ndinayamba kudutsa tsidya lina la msewu, ndipo nyengo ya manachesi inatha ndikumuyankha Esinati ndi mapewa okha. Iye sanazindikire n'komwe. Ankandifunsa ngati ndikudwala dzino.

Lero zinthu zinasintha. Esinati anakwatiwa ku Blantyre, ndipo amanditumizira pa foni zithunzi za makoma a m'tauni, amene anyamata amajambula ndi penti yopopera, nkhope zazitali kufika kudenga. Akuti kuli ndi nyumba zimene amakolekamo zojambula, anthu n'kumatchena kupita kukangoyang'ana. Sachedwa kuwonjezera kuti, “Ife izi tinayamba kalekale, achemwali.” Ndimawerenga, kansanje kaja n'kudzukanso, ngakhale ndine mayi wa mwana. Atsikana a masiku ano saopa kamera, amachita kuithamangira. Nthawi zina ndimaona ngati ndinafulumira kubadwa.

Saluni ija inatsekedwa, a Pintoro sindidziwa kumene anathera, ndipo makoma ambiri anapakidwa mitundu ya makampani a foni. Koma khoma lija lilipo. Posachedwapa ndinadutsa pomwepo ndi mwana wanga Takondwa, amene amabisala kuseri kwa chitenje changa mlendo akamupatsa moni. Ndinaima. Dzuwa ndi mvula zinadya nkhope yonse, ndi kampata komwe. Penti yakuda yokha ndiyo inakana. Mizere ya mayi anga ili pomwepo, pamwamba pa malo oyera.

“Amayi, tsitsili ndi la ndani?”

Zaka zonsezi palibe anafunsapo funso limenelo.

“Ndi langa,” ndinatero.

Ndinapempha mnyamata wa kabaza kuti atijambule ndi foni yanga. Ndinamukweza Takondwa paphewa mpaka kankhope kake kanafika pamalo oyera paja. Anayamba kuwerama.

“Dzutsa mutu, mwana wanga,” ndinamuuza. “Muyang'ane.”

Anadzutsa.

Chithunzicho ndinamutumizira Esinati. Foni ikusonyeza kuti anachiona, koma mpaka lero sanayankhe.