Dziwe la kwa apongozi

M'zaka za Chitaganya ndinali kalaliki mu ofesi ya misewu pa boma la Dowa. Ndinali ndi nthenda imodzi imene sinandichoke mpaka ukalamba uno: munthu akandifunsa kanthu, ndimayenera kuoneka wodziwa. Mkazi wanga ankati ndikhoza kulozera mlendo njira ya kumudzi umene sindinaupondepo.

Mzungu amene ndinkagwira naye ntchito anali watsopano, mnyamata ndithu, wa mawondo ofiira. Tsiku lina anandiitanira kuseri kwa ofesi n'kutsegula bokosi lamatabwa. Munali mabotolo awiri achitsulo, chigalasi chovala kumaso, mapayipi a labala, ndi nsapato zonga mapazi a bakha. Anati ndi zida zobirira m'madzi: munthu amabereka botolo kumsana, n'kumapuma mpweya wa m'menemo uku akuyenda pansi pa madzi. Pa tchuthi chake ankafuna kukabira m'nyanja yamchere kwa Apwitikizi, koma asanapite ankafuna kuyesa zidazo. Kunyanja ku Salima sakanaloledwa kupita ndi galimoto ya boma popanda chifukwa cha ntchito, pomwe m'mapiri athu milatho yonamizira kuyendera inali yosasowa. Mpweya anadzazitsa kutali, ndipo sankafuna kuuthera pa chithaphwi.

Anayala mapu patebulo, tinayamba kusanthula maiwe. Lina la kufupi ndi Malomo linali lomwera ng'ombe, madzi olekeza m'chiuno. Lina la m'nkhalango ya Ntchisi linali lakuya, koma kunalibe njira ya galimoto. Lachitatu anthu ankati kuli ng'ona. Mzungu anayamba kupinda mapu ake mokhumudwa, ndipo apo ndi pamene nthenda yanga inandigwira.

"Bwana, dziwe lenileni lili kwathu," ndinatero. "Lili pansi pa thanthwe. Mulumikize nsungwi ziwiri, simukhudza pansi. Ng'ona kulibe, ndipo chilimwe chino madzi ali mbee."

Analemba chizindikiro ndi pensulo yofiira, nati tidzapite Lamulungu la sabata yotsatira. Ndinatuluka ndikudzimva kukula.

Kwathu kumene ndinkanenako sikunali kwathu. Kunali kwa mkazi wanga, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, kumene ndinali mkamwini. Loweruka ndinapalasa njinga theka la tsiku, ndinapeza mkazi wangayo pakhonde akusenda mtedza ndi mchimwene wake. Mlamu wangayo anali munthu wa nthabwala. Ankanditcha bwana wa pensulo, ankati manja anga ndi ofewa ngati a mayi woyembekezera, ine n'kumabweza kuti iye amawerenga kalata chozondotsa. Ndinkamukonda kuposa abale anga enieni.

Ndinawauza nkhani ya mzungu, ndikukometsera. Mkazi wanga anasiya kusenda. Mlamu wanga anafunsa funso limodzi lokha.

"Alamu, galasi limenelo, munthu amaona nalo pansi penipeni?"

"Amaona ngakhale singano," ndinatero.

Anadzuka, nasasa makoko a mtedza pa kabudula wake, n'kuchoka osatsanzika. Ndinafunsa mkazi wanga chimene chalakwika, iye anati palibe. Mawa lake ku tchalitchi, amuna amene ndinkakhala nawo benchi imodzi anakapanikizana pa benchi ina. Potuluka moni anandipatsa, koma maso ali kwina.

Masana ndinali pansi pa mtengo wa mango pamene ndinamva munthu akutsokomola kuseri kwa nkhokwe. Anali apongozi anga aakazi. Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana; tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Zaka zitatu zonse anali asanandilankhule mawu opitirira moni wapatali. Tsikulo anakhala pansi, nkhokwe ili pakati pathu.

"Bambo, mukukumbukira kapitawo wa malimidwe uja?"

Ndinkamukumbukira. Chaka chapitacho anabwera kudzakhoma zikhomo za milambala m'minda ya anthu, akuopseza kuti wokana kukumba akalowa ndende. Amuna anamuthamangitsa, iye anathawa wapansi n'kusiya njinga ya boma. Apolisi anabwera, anagudubuza mudzi wonse, anamenya anthu, njinga osaipeza. Ine nditafunsa nthawi imeneyo, anandiuza kuti mwina inatengedwa ndi anthu odutsa.

"Njinga ija ili m'dziwe," anatero apongozi. "Amene anaiponyamo ndi mlamu wanu, masana, mudzi wonse ukuona. Ili ndi nambala ya boma."

Mantha anandigwira, koma mkwiyo unafika msanga kuposa manthawo. Ndinaiwala ulemu.

"Chaka chonse ndikudya nanu, ndikulima munda wanu, osandiuza? Ndine galu pamudzi pano?"

Anayankha mofatsa.

"Mumadya za boma, bambo. Ndiponso pakamwa panu timapadziwa. Onani, osadziwa kanthu mwatibweretsera mzungu. Mukanadziwa mukanatibweretsera ndani?"

Mawu amenewo amandiwawabe. Amandiwawa chifukwa sanalakwitse.

Lolemba ndinayamba kupasula chimene ndinamanga. Ndinauza mzungu kuti ndamva zoti m'dziwe muja mwaoneka ng'ona. Anaseka, nati ng'ona singakwere mathithi onse aja, anaona yekha pa mapu. Lachiwiri ndinati anthu akuti kuli mizimu, salola mlendo kulowamo. Maso ake anawala, nati ndiye atenga kamera. Lachitatu ndinati msewu waonongeka. Anandikumbutsa kuti wa misewu ndi iyeyo. Bodza lililonse linkangomuonjezera chilakolako, ndipo Lachinayi anandiyang'anitsitsa n'kufunsa chifukwa chimene ndasinthira maganizo. Ndinaona kuti ndikapitiriza, ndidzamuphunzitsa kukayikira, choncho ndinatseka pakamwa.

Masiku amenewo malole ankadutsa pa boma atanyamula amuna omangidwa, ena chifukwa cha misonkhano, ena chifukwa cha milambala yomweyo. Ndinkawaona pawindo la ofesi, atakhala pansi m'lolemo, mitu yokha ikuoneka, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Kale ndinkangopitiriza kulemba. Sabata imeneyo ndinkayang'ana nkhope iliyonse. Kumudzi, monga ndinamva pambuyo pake, anyamata anayesa kuvuula njingayo ndi mbedza zomangirira ku nsungwi, koma sanaikhudze n'komwe. Pa kuya kwa dziwe lokha ndi pamene ndinanena zoona.

Loweruka mzungu anati ndisapite kumudzi, tinyamukire limodzi. Lamulungu m'mawa tinakweza bokosi, ndipo anatenganso mesenjala wa ofesi woti anyamule mabotolo. Mesenjalayo anabwera atavala yunifolomu yonse, lamba ndi chisoti chomwe. Ndinamupempha kuti avuleko chisoti, iye anandiyankha kuti ndisamuphunzitse ntchito.

Tinapeza mudzi uli zii. Zitseko zinali zotseka, pabwalo pali mbuzi zokha. Ngakhale ana, amene galimoto amaithamangira kuchokera kutali, sanaoneke. Mzungu anati anthu a kuno ndi opemphera kwambiri. Ndinavomereza.

Padziwe anavula malaya, anabereka botolo, naluma payipi. Atavala galasi lija nkhope yake inatha, panatsala maso okha. Anadzimanga chingwe m'chiuno n'kundipatsa nsonga yake kuti ndigwire. Analowa chafutambuyo, madzi anamutseka, pamwamba panangotsala thovu.

Ndinalitsata thovulo ndi maso. Linapita pakati pa dziwe, linakhotera kumanzere, linabwerera. Chingwe chinkatuluka m'manja mwanga pang'onopang'ono. Ndiulule pano chimene sindinaululepo ngakhale kwa ansembe: ndinaganiza kuti chingwecho chitakodwa pansi, ine n'kuchedwa kukoka, nkhani ikanathera pomwepo. Ganizolo linakhala m'mutu mwanga nthawi yokwanira kuti ndilidziwe bwino. Kenaka thovu linafika pansi pa thanthwe, linaima malo amodzi, osasunthanso. Mesenjala anafunsa ngati bwana ali bwino. Ine ndinangogwiritsa chingwe.

Mzungu anavuuka akuseka, madzi akutuluka m'mphuno. M'dzanja anali ndi belu la njinga, ladzimbiri.

"Pansi apa pali njinga yathunthu," anatero. "Mwini wake analedzera bwanji?"

Ndinati inali ya mkulu wina wokonda kachasu, amene anamwalira kale. Anapukusa mutu akusekabe, nandiponyera belulo kuti ndikapatse mwana wanga. Za kapitawo anali asanamvepo, poti zinachitika iye asanabwere, ndiponso inali nkhani ya ofesi ina. Za nambala sanatchule. Anangodandaula kuti madzi ndi ozizira ndipo nsomba ndi zochepa. Mesenjala anali kalikiliki kupukuta mabotolo. Iye ndi mzungu ananyamuka dzuwa lisanafike pamutu, ine ndinapempha kutsala.

Ndinakwera chitunda chothamanga ngati mwana. Mkazi wanga anali atatsegula chitseko, ataima pakhomo.

"Zatha," ndinatero, ndikupuma movutikira. "Waiona, koma waseka. Palibe mlandu. Kaitane alamu."

Sanasunthe. Anayang'ana belu m'dzanja langa nthawi yaitali.

"Achimwene ananyamuka Lachisanu," anatero. "Anati sangadikire lole. Alowera cha ku Fort Jameson, ku Rhodesia wa kumpoto, akuti akafuna ntchito ku migodi."

Anasiya mkazi ali ndi pakati, ndi ana awiri. Sanauze munthu mgodi wake, poopa kuti womenyedwa angaulule, ndipo tinaganiza kuti dzina anasinthanso. Aliyense wopita ku Rhodesia kapena ku Joni tinkamutuma mawu omwewo: mukamuona mumuuze abwere, kulibe mlandu. Makalata ndinalemba ndine, ku migodi iliyonse imene ndinamva dzina lake. Chitaganya chinatha, milambala anthu anaigumula masana, amene anali m'ndende anabwerera akuimbiridwa nyimbo. Iye sanabwere.

Munda wake ndinalima ine, ana ake anakulira pakhomo panga, ndipo wotsiriza uja sanaonepo nkhope ya bambo ake. Mkazi wanga sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndikanakonda akanandinena. Ngati mlamu wanga anamwalira, anamwalira akubisalabe, kuthawa mlandu umene palibe anaulemba.