Njerwa Zomaliza za Mayi Chuku

Tinkawatchula kuti Mayi Chuku, ndipo dzinalo ndinaliyambitsa ndine, sindikana. Nanga munthu wolima njerwa m'chipinda chamdima mungamutchule chiyani?

Amuna awo anali kalipentala. Utuchi wa pashedi pawo, makoko a chimanga ndi mankhusu a mpunga, zomwe ife timataya kudzala, mayiwa ankaziwiritsa mumgolo. Zikazizira ankasakaniza ndi mbewu ya bowa n'kutsendera m'zikombole. Pakatha milungu iwiri, ulusi woyera wa bowa unkamanga zinyalalazo kukhala njerwa yopepuka ngati buledi. Kenako njerwayo inkayenera kulowa mu uvuni kuti bowa afe, apo ayi amangopitiriza kuidya. Yowotchayo inali ntchito ya amuna awo. Mayi ankati, "Ine ndalera, kuphako muphe ndinu."

Bamboyo anali ndi chizolowezi chodinda chala chachikulu pa njerwa iliyonse, poyesa ngati yakhwima. Atamwalira anasiya njerwa khumi ndi ziwiri zodindidwa koma zosawotcha. Mayi Chuku anazimangira kakhoma kumutu kwa bedi, zaziwisi choncho. Iwo amene ankadziwa bwino kuposa tonsefe!

Mvula itayamba ndinapita kukabwereka sefa, ngakhale kwathu ilipo. Ndinapeza alamu awo, mlongo wa malemu, ataima pakhomo la kuchipinda. Khoma lonse linali litaphuka bowa.

"Mlamu, munda mwasamutsira kuchipinda?" anafunsa alamuwo.

"Zisiyeni," anayankha Mayi Chuku. "Cha achimwene anu chomwe chikupumabe m'nyumba muno n'chokhachi."

Alamuwo anagwada n'kukhudza njerwa yapansi. Inangofumbutuka. Chidindo cha chala munalibe, bowa anali atadya.

"Zooneka chala zatsala zingati?"

Mayi anawerenga ndi maso. "Zisanu ndi ziwiri."

"Mwezi wamawa simupeza ndi imodzi yomwe, mlamu."

Ine wapakamwa ndinangonyamula sefa ija n'kubwerera kwathu.

M'mawa mwake uvuni unafuka utsi, koyamba chimwalirireni bambo. Mayi Chuku anagumula khomalo okha, thandizo anakana. Analowetsa njerwa imodziimodzi, n'kukhala pampando wa amuna awo, kusonkhezera moto mpaka masana.

Zisanu ndi ziwirizo zili pashelefu mpaka lero, zouma gwa, zala zikuoneka bwinobwino. Njerwa akupangabe, ndipo tsopano amawotcha okha. Tsiku lina ndinayesa kuika chala changa m'chidindo chimodzi. Anandimenya padzanja osatembenuka n'komwe.